Kufa mwachilungamo: zimene osewera The Long Dark amakanganirana

Mu June 2024, kampani ya Hinterland Studio ya ku Vancouver m'dziko la Canada inalowetsa chilombo chatsopano mu gemu yake ya pa kompyuta yotchedwa The Long Dark. Chinali cougar, mphaka wamkulu wa m'mapiri a ku America, wa msinkhu ngati nyalugwe. Osewera anali atachidikira kwa nthawi yaitali. Sipanapite masiku ambiri, kampaniyo inapepesa n'kuchichotsa. Amene anakuwa kwambiri sanali achilendo oopa kufa ayi. Anali akhalakale, anthu amene afapo kambirimbiri mu gemuyi ndipo amafotokoza imfa zawozo monyadira. Kuti munthu amvetse chimene chinawapsetsa mtima, ayenera kudziwa kaye zimene akhala akukangana ndi kampaniyi, komanso okhaokha, kuyambira 2014.

The Long Dark imakuponya pa chilumba chopeka chotchedwa Great Bear, kumpoto kwa Canada, m'nyengo yachisanu imene situluka. Maginito a dziko asokonezeka, magetsi athima paliponse, magalimoto sakulira, mawailesi ali zii. Opanga gemuyi sanangolota zimenezi. Mu 1859 mphamvu yochokera kudzuwa inasokoneza mawaya a telegalafu ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu March 1989 ina inathimitsa magetsi m'chigawo cha Quebec, ku Canada komweko, kwa maola pafupifupi 9. Iwo anangotenga zoterozo n'kuzikulitsa mpaka kugwetsa dziko lonse. Mulibe mizukwa kapena mitembo yoyenda imene yadzaza m'magemu ena a mtundu uwu. Zokupha zenizeni ndi zinayi, ndipo zili pakona ya sikirini nthawi zonse: kuzizira, kutopa, ludzu ndi njala.

Zinayizi sizipha mofanana. Njala ikafika pothera imadya moyo wako pang'onopang'ono, 1 peresenti pa ola la mu gemu. Ludzu limadya kuwirikiza kawiri. Kuzizira kumadya 20 peresenti pa ola, kutanthauza kuti munthu wathanzi lonse akhoza kutha m'maola asanu. Tsono taganizani kuti chimphepo cha chipale chakupeza pakati pa nyanja youndana ya Mystery Lake. Suona ngakhale mtengo umene uli mapazi khumi patsogolo. Palibe kadontho kokusonyeza pamene uli pa mapu. Mapu ake umachita kujambula wekha ndi khala, ndipo m'chimphepo sizitheka. Wapeza thanthwe lotchinga mphepo, wagwada, watulutsa machesi. Gemu ikukuuza kuti mwayi woti moto uyake ndi wakutiwakuti. Ndodo yoyamba yapita pachabe. Yachiwiri yagwira, waponyapo tinkhuni tako tonse, waika chitini kuti usungunule chipale, chifukwa madzi ake uyeneranso kuwawiritsa, apo ayi ukudwala kamwazi. Ndiye mphepo yatembenuka, moto uja wayamba kufa. Mpaka 2024, ukafera pamenepo, gemu inkafufuta zonse. Kaya unali utakhala masiku 3 kapena 300, unkayambira pachiyambi ndi manja okhaokha.

Chodabwitsa n'chakuti ichi ndicho anthu amachikonda. Ukawerenga zimene osewera amalemba pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, kumene ambiri amaiyamikira, mawu amene amabwerabwera ndi a bata, kusungulumwa ndi kukongola: thambo lofiira la m'mawa looneka ngati lopaka ndi utoto, phokoso la mapazi pa chipale, kulira kwa akhwangwala kokuuza kuti chapafupi pali chakufa, kuwala kobiriwira kwa usiku kumene kumayatsa magetsi kwa kanthawi m'nyumba zopanda anthu. Koma chimene amakonda kufotokozerana kwambiri ndi mmene anafera, ndipo nkhani zake zimafanana mochititsa kaso. Wina anaona gwape wakufa dzuwa litapendeka n'kuti nditengeko nyama pang'ono, kenaka chikopa, kenaka matumbo, mpaka mdima ndi mimbulu zinamupeza ali ndi katundu wonunkha magazi woposa makilogalamu 30 amene munthu amanyamula bwinobwino. Wina anadutsa pa madzi oundana opyapyala pofuna kudula njira. Wina anagona panja osawerengera kuti nkhuni zitha usiku usanathe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wofotokoza aliyense amathera pa kudziloza yekha chala, ndipo m'mawa mwake amayambiranso. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali pangano lenileni pakati pa gemuyi ndi anthu ake: ndiphe mwankhanza mmene ungathere, bola ndikayang'ana m'mbuyo ndione pamene ndinaponda molakwa. Pafupifupi mkangano uliwonse waukulu wabuka pamene osewera anaona kuti panganoli laphwanyidwa.

Pali mkangano umodzi wokha wakale umene gwero lake n'losiyana, ndiwo wa nkhani. Raphael van Lierop, amene kale ankagwira ntchito ku Relic Entertainment, anayambitsa Hinterland mu 2012. Chaka chotsatira anapempha ndalama kwa anthu kudzera pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama. Ankafuna madola a ku Canada 200,000 ndipo anapeza opitirira 250,000. Chimene analonjeza chinali nkhani ya m'magawomagawo ya woyendetsa ndege Will Mackenzie. Mu September 2014 anatulutsa pa Steam mbali yopanda nkhani, yongoti khala moyo mpaka pamene ungathere, makamaka pofuna kuyesa ngati za moto, njala ndi nyengo zikuyenda bwino. Choyeseracho ndiye chinasanduka gemu yeniyeni m'maso mwa ambiri. Anthu anachisewera zaka zitatu, madera akuwonjezeka, Coastal Highway, Pleasant Valley, Desolation Point, Timberwolf Mountain, nkhani ija isanaoneke.

Mu 2017 kampaniyo inaika wotchi yowerenga masiku pa tsamba lake la pa intaneti. Ambiri anaganiza kuti ikafika pothera, nkhani ituluka. Itafika, chimene chinatuluka ndi kanema wolengeza tsiku lina, la 1 August. Anthu anapsa mtima n'kumanyoza kuti awerengetsedwa masiku kuti akayambe kuwerenganso masiku ena. Magawo awiri oyamba a nkhaniyo, yotchedwa Wintermute, atatuluka pa tsikulo, madandaulo anali oti ikungokutuma ngati mwana: pita ukatenge ichi, bwera nacho, pitanso ukatenge icho. Munthu amene anazolowera kudzisankhira njira anapezeka akutolera nkhuni ndi chakudya cha gogo wina wa m'tauni ya Milton mpaka muyezo utakwana. Hinterland inamva, inakonzanso magawo awiriwo pafupifupi kuyambira pansi n'kuwatulutsa mu December 2018. Gawo lachitatu linabwera mu October 2019, lachinayi mu October 2021, ndipo chaka cha 2024 chinatha lachisanu lisanatuluke, patapita zaka zoposa 11 chiperekereni ndalama anthu oyamba aja. Apa osewera anagawikana. Ena amati tinalipira nkhani, malizani nkhaniyo. Ena amati nkhaniyo ikudya nthawi ndi anthu amene akanakhala akukonza mbali imene timaseweradi. Magulu onse awiri akunena zoona, ndipo palibe chimene kampani yaing'ono ikanachita kuti iwakondweretse pamodzi.

Mkangano umene sutha, umene munthu watsopano aliyense amauyambitsanso ngati ndi woyamba kuuona, ndi woti gemuyi sikufanana ndi zenizeni. Mimbulu ndiyo imayamba kutchulidwa. Mu gemu, mmbulu ukakuona umakulondola mpaka kukugwetsa pansi. Kutchire kwenikweni ku North America mimbulu imathawa anthu, ndipo imfa zochokera kwa iyo n'zosowa kwambiri, mwakuti ziwiri za m'zaka zino, ya ku Saskatchewan mu 2005 ndi ya ku Alaska mu 2010, zimatchulidwabe paliponse pamene nkhaniyi ikukambidwa. Hinterland imadziwa. Gemu ikamayamba pamabwera mawu ovomera kuti nyama zake sizichita monga zenizeni, ndiponso ochenjeza kuti munthu asatenge gemuyi ngati sukulu ya kupulumuka m'tchire. M'nkhani yake amati chisokonezo cha maginito chija ndicho chapengetsa nyama. Kenaka pamabwera za njala: munthu weniweni amatha milungu osadya, koma uyu amafooka m'masiku ochepa. Mpeni umatha msanga. Ndipo chimene chimaseketsa ndi kukwiyitsa pamodzi: munthu wako sadumpha. Akhoza kupha chimbalangondo ndi uta, kusenda chikopa chake n'kusoka chikhoti, koma kampanda kofika m'mawondo kamamubweza.

Pa za mimbulu ndi njala ndili kumbali ya opanga gemu. Mimbulu ikanakhala yamantha ngati yeniyeni, ndipo mimba ikanamapirira milungu itatu, bwenzi ukungoyendayenda m'nkhalango yokongola popanda choopa, n'kutopa nayo pa tsiku lachitatu. Ndipo ukawamvetsera bwino odandaulawo, ambiri sakufuna zenizeni kwenikweni. Sadandaula kuti tiyi wa zipatso zam'tchire amachiza ululu nthawi yomweyo, kapena kuti mwendo wobinya umapola ukangogona pang'ono. Zabodza zowakomera amazilandira ndi manja awiri. Za kampanda zija n'zina. Pamenepo wosewera amaona njira yothawira ndi maso ake, nzeru zake zamuuza zoona, koma gemu yamukaniza popanda chifukwa chimene angachimvetse. Imfa yotero saiwerengera ngati yake.

Nkhani imene imaonetsa bwino kukokanakokana kwa kampani ndi osewera ndi ya kudzimana chakudya. Akatswiri anawerengetsa n'kupeza kuti njala imadya moyo pang'ono kwambiri poyerekeza ndi umene munthu amabwezeretsa akagona tulo tabwino atakhuta. Tsono anayamba kukhala ndi njala dala tsiku lonse, n'kudya ma calorie pafupifupi 750 okha pogona, okwanira maola 10 a tulo. M'mawa amadzuka athanzi, chakudya cha tsiku limodzi chitawakwanira masiku atatu. Ena anafika pomangodzitsekera m'nyumba, kugona ndi kudzuka, masiku akuchuluka pa chiwerengero. Mu 2016 Hinterland inayankha ndi chikwapu. Inabweretsa matenda obwera munthu akakhalitsa m'nyumba, amene amamulepheretsa kugona mkati mpaka atakakhala panja, komanso njoka za m'mimba zobwera ndi nyama ya mimbulu ndi zimbalangondo pa milingo yovuta. Phokoso linali lalikulu. Amene ankakhala m'nyumba chifukwa chosoka zovala za zikopa, ntchito yodya maola ambiri, anapezeka akulangidwa limodzi ndi ogona aja, n'kumakagona m'galimoto yakufa kapena m'phanga kunja kukuzizira koopsa. Mpaka lero pali osewera amene chinthu choyamba kuchotsa, akamadzikonzera okha malamulo a gemu, ndi matenda amenewa.

Patapita zaka ziwiri kampaniyo inayesa njira ina. Munthu akatha maola 72 osafika pa njala yothera, amapatsidwa mphamvu yonyamula makilogalamu 5 owonjezera. Palibe amene analetsedwa kudzimana. Kungoti tsopano kudya bwino kunali ndi phindu looneka. Mkangano sunathe, koma unasintha n'kukhala wokoma, wa njira iti ili yanzeru pa masiku oyamba ndi iti pa masiku a m'tsogolo. Vuto linali lomwelo, koma yankho lachiwiri linasiyira wosewera chisankho pamene loyamba linamulanda.

Palinso kunyozana kwa osewera okhaokha, kumene kumatsata milingo ya kuvuta kwa gemu imene wosewera amasankha. Pa Pilgrim zilombo zimakuthawa ndipo katundu ali mbwee. Voyageur ndi wapakati. Pa Stalker mimbulu ili paliponse koma zida zilipo. Interloper, umene unabwera mu 2016, ndi dziko lina: mulibe mfuti, mpeni kapena nkhwangwa yoti utole, zovala zabwino mulibe, machesi ndi osowa, ndipo kuzizira kumakulirakulira masiku akamapita. Kuti ukhale ndi mpeni uyenera kupeza hamala yolemera, kutola malasha, kuyenda mpaka pa chipala china mwa zochepa zimene zilipo, monga cha m'sitima yakufa ya Riken ku Desolation Point, kukoleza moto mpaka ufike madigiri 150, ndiye n'kusula. Uta umafuna kamtengo ka maple koumitsa ndi matumbo ouma. Mivi imafuna timitengo ta birch ndi nthenga za khwangwala. Amene adutsa m'zimenezi ena mwa iwo amayamba kulankhula ngati milingo inayo ndi ya ana. A Pilgrim amayankha kuti iwo akaweruka kuntchito safuna ntchito ina, akufuna kukhala pa moto m'kanyumba ka pa nyanja n'kumawedza. Chimene a Interloper satchula kawirikawiri n'chakuti nawonso, akapeza uta ndi zovala za zikopa, amafika pa vuto limene aliyense amalidandaula: masiku oyamba ndi okoma kuposa onse, koma ukakhazikika, nyama ili mulu pakhomo, palibenso chokudzutsa. Ambiri amene amafika masiku 500 amanena kuti mdani wotsiriza ndi kunyong'onyeka, ndipo kumapha ndithu, chifukwa wonyong'onyeka ndiye amakaputa chimbalangondo popanda chifukwa.

Cougar uja anabwera kudzathetsa vuto limeneli. Cholinga chinali chabwino: kukankha munthu wokhazikika kuti asamuke. Koma taonani kusiyana kwake ndi mmbulu. Mmbulu umauona uli patali, kapena umamva kuuwa kwake. Ukudziwa kuti nyama yaiwisi imene wanyamula ndiyo ikuuitana, ndipo ukhoza kuitaya. Ukhoza kuyatsa muuni, kuyenda chobwerera osathamanga, kuuponyera mwala, kukoleza moto, kulowa m'galimoto, kapena kuima nji n'kukoka uta pamene ukukuthamangira. Ukakugwetsa, pali zinthu zingapo zimene ukanachita mosiyana. Ngakhale moose, chinyama chachikulu cha nyanga zotambalala chimene chimathyola nthiti, chimasiya zizindikiro pa makungwa a mitengo. Cougar woyamba uja sankayenda m'dziko la gemu n'komwe. Ukakhalitsa m'dera limodzi pankabwera chenjezo pa sikirini loti wafika, ndipo kuyambira pamenepo ukakhala panja nthawi ina iliyonse ankangotulukira ali kale pa iwe. Sukanamuona akubwera, sukanamuzemba, sukanamutchera. Mwayi womulasa unkabwera atakuvulaza kale. Anthu amene anadikira chilombo choti azipimana nacho nzeru analandira wotchi yokhala ndi mano. Hinterland inamubweza mu December 2024 atakonzedwanso, tsopano ali nyama yooneka, yokhala ndi malo ake amene munthu angawazindikire n'kusankha kulowamo kapena kuwalambalala. Akadali woopsa kwambiri, koma phokoso lija linazirala.

Pamodzi ndi cougar woyambayo panabweranso zinthu ziwiri zokokera kosiyana. China ndi mlingo wa Misery, woposa Interloper, umene umamuunjikira munthu zofooketsa masiku akamapita. China ndi mwayi wozemba imfa: ukafa, gemu imakufunsa ngati ukufuna kuthera pomwepo kapena kudzukanso kwina, wofooka, katundu wako atatsala kumene unagwera. Mwayiwu uli ndi malire ndipo mtengo wake umakwera. Akale ambiri anaona ngati mtima wa gemu wachotsedwa, poti mantha a pa nyanja youndana aja amachokera pa kudziwa kuti palibe kubwerera. Ena anayankha kuti batani lokana lilipo, ndipo munthu amene wataya maola mazana chifukwa gemu yalakwitsa yokha, monga kukodwa pakati pa miyala kapena kugwa pamalo pamene sipanayenere kugwetsa munthu, ayenera kukhala ndi pothawira. Apa mtima wanga uli pawiri. Kukana mwayi umene uli pamaso pako si chimodzimodzi ndi kusakhala nawo, ndipo aliyense amene wayang'anapo funso lija atafa pa tsiku la 200 akudziwa mmene chala chimayabwira. Koma imfa yobwera ndi kulakwitsa kwa gemu ndiyo imfa yopanda chilungamo kuposa zonse, ndipo kwa zaka 10 inalibe mankhwala.

Za ndalama sizinakwiyitse anthu kwambiri. Kwa zaka 8 madera atsopano ankabwera aulere. Mu December 2022 kampaniyo inayamba kugulitsa zowonjezera zotchedwa Tales from the Far Territory, n'kulekanitsanso Wintermute kuti izigulidwa payokha. Ambiri anati n'zomveka patapita nthawi yonseyo. Chimene chinawawawa n'chakuti zimene zinayenera kutha m'chaka chimodzi zinatenga ziwiri. M'mbuyomo, mu March 2020, panali kamkangano kena pamene Hinterland inauza kampani ya Nvidia kuti ichotse gemuyi pa GeForce Now, njira yosewerera magemu pa makompyuta a Nvidia kudzera pa intaneti, chifukwa sinapemphe chilolezo. Osewera anafunsa kuti gemu imene ndinagula ndi ndalama zanga, ndani angandiuze kompyuta yoseweretsa? Inabwereranso patapita miyezi yochepa.

Mu December 2024 momwemo Hinterland inalengeza gemu yachiwiri, Blackfrost: The Long Dark 2, ndipo inanena kuti anthu azidzatha kusewera limodzi ndi anzawo. Kwa zaka zambiri ili linali pempho lobwerezedwa koposa onse, ndipo akale ankalikana nthawi zonse ndi zifukwa ziwiri. Choyamba ndi cha kapangidwe: gemu yoyambayi imathamangitsa nthawi munthu akamagona, akamasoka kapena akamasenda nyama, ndiye mmodzi akagona maola 10 mnzake ali pakati pothawa mmbulu, wotchi itsata ndani? Chachiwiri ndi cha mtima wa gemu. Ukakhala wekha, cholakwa chilichonse ndi chako. Mukakhala awiri, pali wina wokunyamulira nkhuni, wokudzutsa moto ukamazima, komanso womuloza chala zinthu zikavuta. Kampaniyo yati kusewera wekha kudzakhalapobe. Omwe anapempha kwa zaka khumi akusangalala, ndipo omwe ankakana ayamba kale kufunsa ngati nyengo, zilombo ndi kuchuluka kwa chakudya zidzayezedwa poganizira munthu mmodzi kapena gulu.